Kapepala kanu ka ku Redcar

Bambo a Tadala, lero Mi-sook, mnzanga wa ku Korea uja timagwira naye ntchito muwodi kuchipatala, wandiitananso kumwambo wakwawo wa moto kunyanja ku Redcar. Ndamukanira, thupi lakana. Chaka chatha tinapita tonse pa basi kuchokera kuno ku Middlesbrough, inu mutangotuluka m'chipatala, jekete likukukulirani. Anzake a Mi-sook anaunjika udzu ndi nthambi pamchenga kuti ayatse ukangotuluka mwezi wathunthu woyamba wa chaka chawo. Aliyense ankalemba pempho lake pakapepala n'kukamangirira pamulupo kuti lipse nawo. Ine ndinalemba kuti muchire. Inu munatenga nthawi, mukubisa ngati mwana pa mayeso.

Moto utayaka ndinakufunsani zimene munalemba. Munati, "Zochira mwandilembera kale inu. Ine ndapempha kuti mugoneko tulo teniteni, ngakhale sabata imodzi." Ndinakwiya, ndinati mwawononga kapepala. Munangoseka, n'kulowetsa dzanja langa m'thumba mwanu mpaka moto unazilala. Mu Juni munatisiya. Chichokereni ku maliro anu kumudzi sindinaime, ndimangochoka kuntchito, kukatenga Tadala kusukulu, kubwereranso kuntchito, poopa kuti ndikakhala pansi ndiyamba kulira osaleka. Ndatopa, amuna anga, kutopa kofika m'mafupa. Pempho langa silinatheke, ndavomereza. Mawa ndikapempha tchuthi cha sabata imodzi, kuti mwa awirife mmodzi ayankhidweko.