Ana Awiri Amene Zolozolo Inawakana

Dandaulo langa loyamba pa nkhaniyi ndinalipereka m'chaka cha referendamu, nyengo yozizira itangotha, kwa apampando a dera lina la ku Zolozolo. Dandaulo lachiwiri ndinalisiya ku ofesi ina m'tauni mvula itayamba. Dandaulo lachitatu linapita kwa akulu a mpingo umene kale unali woletsedwa, boma latsopano litalowa kale. Makope a kaboni a makalata onsewa ali m'sutikesi mwanga, pamodzi ndi mapepala a penshoni ndi kalata imene inandichotsa pasukulu ya m'Chigawo Chapakati, nthawi ija aphunzitsi akumpoto tinauzidwa kuti tibwerere kwathu. Ine pepala sinditaya. Chimene ndilibe ndi yankho.

Zipani zambiri zisanaloledwe, bambo wina wokhoma zidebe, wochokera kumwera, anandiitanira kuseri kwa benchi yake pamsika. Banja lake linali la mpingo uja woletsedwa, umene anthu ake ankakana kugula khadi la chipani. Mwana wopanda khadi ankabwezedwa pachipata cha sukulu, choncho ana ake awiri, mtsikana wamkulupo ndi kamnyamata, mlongo wake wamng'ono, ankangokhala m'nyumba. Kuwerenga anawaphunzitsa ndi mayi awo. Masamu ndiwo anasowa wowaphunzitsa.

"Aphunzitsi, muzibwera opanda chikwama," anatero bamboyo. "Buku ayi, pensulo ayi. Mayina athu musatifunse, nafenso lanu sitifunsa."

Ndinavomera, ngakhale zinandinyansa. Sukulu yopanda kaundula si sukulu.

Ndinkanyamuka ku Salisbury Lines m'mawa, nkhungu isanachoke. Nyumba yawo ku Zolozolo inali yogawana khoma ndi ina, pamzere wa nyumba zalendi zotsikira kudambo. Chinthu choyamba chimene ndinaona pamzerepo ndi chakuti anthu sankandiona. Mayi wa nyumba yogundana nayo ankakazinga mandasi pakhonde tsiku lililonse. Ndikati monire amama, iye ankayang'ana m'chiwaya. Amuna osewera bawo pansi pa mtengo wa mapeyala ankasiya kuseka ndikamadutsa, maso ali pankhomo zawo, n'kuyambiranso ndikalowa. Ngakhale galu wapamenepo sanandiuwepo. Ndinamvetsa kuti n'chifundo chawo: munthu amene sanaone kanthu sangaulule kanthu kwa achinyamata a chipani. Komabe kumayenda pakati pa anthu ngati mpweya kumakuziziritsa m'mafupa.

M'nyumbamo mawindo anali otchinga ndi matumba a feteleza. Bolodi yathu inali lichero lodzaza mchenga wa kudambo. Ndinkalemba samu ndi chala, ana n'kuyankha ndi chala, ndipo tikamaliza mayi awo ankagwedeza lichero kamodzi, zonse n'kufafanizika. Kuchulukitsa tinkakuloweza monong'ona, atatu tonse mitu pamodzi, ndi kanyimbo kanga kamene ndinapeka ndekha ndili mphunzitsi wachinyamata. Wamng'onoyo anali waulesi, wokonda kukumba mabowo mumchenga. Mtsikanayo anali wina. Kugawa kwakutali anakugwira msanga kuposa ana amene ndinawaphunzitsa ali ndi madesiki. Anali ndi chilema chimodzi chokha: seveni kuchulukitsa ndi eyiti ankati fifite-folo. Ndikamukonza ankavomera, mawa lake fifite-folo yemweyo.

Referendamu itadutsa, wailesi inalengeza kuti mpingo uja sulinso woletsedwa. Ndinapita kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina, mnzanga wakale, n'kumuuza kuti ndili ndi mtsikana woyenera Sitandade 7 amene sanakhalepo pabenchi. Anati ndibwere naye amuyese, malo amusungira mpaka teremu itsegulidwe. Tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba, ndinapita ku Zolozolo nditanyamula chikwama. Munali kope latsopano ndi pensulo.

Chitseko ndinachipeza chotsegula. M'nyumba munalibe kanthu. Matumba a m'mawindo anali atachotsedwa, pansi posesa bwino, pakhoma popanda ngakhale msomali. Fungo la utsi limene limatsala m'nyumba imene anthu agonamo dzulo munalibe.

Mayi wa mandasi anandiyang'ana kumaso, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kunditchula mphunzitsi m'chiyankhulo chathu chakumpoto.

"Monire asambizgi. Mukufuna nyumba ya lendi?"

"Ndikufuna anthu a m'nyumba umu, amama. Apita kuti?"

"Anthu ati?"

"Bambo wa zidebe, mkazi wake, ndi ana awiri."

"Umo? Umo simukhala munthu, adada. Chibwerere ine pano."

Ndinamuuza kuti asaope, zinthu zasintha, wailesi yanena. Anatembenuza mandasi ake.

"Yewo chomene potiuza. Koma ife sitikudziwa."

Amuna apabawo anayankha chimodzimodzi, mwaulemu, aliyense payekha. Mwini nyumbazo, amene ndinamupeza ku Nkhorongo, anati chipindacho ankasungiramo chimanga. Pamsika, pamalo pa benchi ija panali munthu wogulitsa nsapato zakaunjika, ndipo anati wakhala pamenepo kuyambira kale.

Ndinabwereranso pamzerepo m'mawa wina wa nkhungu. Ndinaima m'chipinda chopanda kanthucho, ndipo ndinamva kunong'ona. Kanali kanyimbo kanga. Mawu a mwana wamkazi, otsika, monga tinkachitira. Seveni sikisi, fote-thu. Seveni seveni, fote-naini. Ndinagwira khoma. Seveni eyiti, fifite-folo.

Nditatuluka n'kuzungulira, ndinapeza kamtsikana ka mayi wa mandasi, kosafika msinkhu wa sukulu, katatsamira khoma kuseri, kakusewera ndi chitsononkho cha chimanga.

"Iwe, wakuphunzitsa ndani nyimbo imeneyo?"

Kanaloza khoma.

Amake anabwera, n'kukanyamula ndi dzanja limodzi. "Ana amangotola zinthu, asambizgi. Mwina n'za pawailesi."

Palibe wailesi imene inaulutsapo kanyimbo kanga, ndipo palibe wailesi imene imaphunzitsa masamu monong'ona.

Teremu inatsegulidwa. Mnzanga uja anandifunsa dzina la mwanayo, ndinalibe. Anafunsa pepala lililonse la ntchito yake, ndinalibe. Ine, amene ndili ndi malisiti a msonkho a nthawi ya atsamunda. Anandiperekeza mpaka pachipata, akundigwira pachigongono monga agwirira munthu wodwala, n'kunena kuti ndizipuma mokwanira. Malo aja anapatsa mwana wina. Akulu a mpingo, atayamba kusonkhana poyera, anandimvetsera modekha n'kunena kuti mabanja awo ambiri ankasamuka osatsanzika, ndipo popanda dzina sangathe kufufuza.

Sindikuimba mlandu anthu a pamzere uja chifukwa chobisa banjalo nthawi ya mantha. Anachita bwino. Chimene chikundikwiyitsa n'chakuti mantha atatha iwo sanasiye, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati akubisa anthu amene anathawa bwinobwino, kapena akubisa chinthu chimene chinachitika wailesi isanalengeze. Zinthu ziwirizi n'zosiyana, ndipo mtsikana uja anali ndi mutu woti akanafika kutali.

Choncho ndikupempha mwaulemu, koma motsimikiza, kwa aliyense amene ankakhala pamzere wotsikira kudambo ku Zolozolo m'zaka zimenezo, kapena mwana wake amene anamva akuluakulu akukamba. Andiyankhe molemba mafunso awa: banja lija linachoka lokha kapena linatengedwa, ndipo mtsikanayo anakalowa sukulu kwina kulikonse kapena ayi. Wolembayo asasaine ngati akuopabe. Nkhaniyi yakhala nthawi yaitali osayankhidwa, ndipo ndikupempha kuti iyankhidwe ndikadali ndi maso owerengera.