Mimba Zomwe Adada Ankanyadira

"Anyina Wongani, nkhuku zanuzi mukuzimwetseranji mankhwala a njoka za m'mimba chonsecho sizikudwala?" Anandifunsa choncho Nyachirwa, mnansi wanga kuno ku Chiputula, atandipeza ndikusungunula mankhwala m'madzi a nkhuku. Mwana ankalira kumsana, ndiye sindinamuyankhe zomveka. Koma funso lakelo linandibwezera ku Mchengautuwa, chaka chomwe ndinali sitandade 8.

Adada anali ndi nkhumba imodzi yaikazi kuseri kwa nyumba. Khola lake linali la matabwa otsala aja timati zigwagwa, pansi pali dothi lokha. Ndi mvula yamawawa ya ku Mzuzu kuno, dothilo silinkauma chaka chonse. Nkhumbayo itaswa tiana tisanu ndi titatu, adada anandiitana, n'kuloza m'kholamo. "Waona? Sekondale yako ndi imeneyi. Uzitisamala wekha."

Ndinatisamaladi. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkasakaniza gaga ndi masese m'chidebe, zala zitauma ndi kuzizira. Fungo lowawasa la masese linkandikanirira mpaka m'kalasi, moti mnzanga wa pa desiki ankakhala thako limodzi lili m'malere. Sindinkadandaula. Ndinkadziona kale nditavala siketi ya sekondale.

Patapita miyezi iwiri, mimba za tiana tija zinayamba kutukumuka. Adada anasangalala. Aliyense wodutsa pa njira ankamukokera ku khola. "Taonani mimba izo! Tikukhuta chomene timeneti." Koma ine amene ndinkatigwira ndinkamva fupa la msana likundibaya m'manja. Ubweya unali utaima nyankhalala, ndipo tinkatsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe. Ndinali mwana, ndinaopa kutsutsa.

Tsiku lina anadutsa bambo wina, mlangizi wa ziweto, yemwe ankachita lendi chakumtunda kwathu. Anasuzumira m'khola n'kupukusa mutu. "Adada, uku si kunenepa ayi, ndi njoka za m'mimba. Timwetseni mankhwala msanga, amake omwe, ndipo khola ili mulisunthire pouma."

"Yewo, abwana," adada anayankha mwaulemu. Munthuyo atangokhota, anaseka. "Chiweto chodya chonchi chingadwale? Anthu a sukuluwa amafuna kubaya jekeseni ngakhale mwala."

Koyamba kanafa mwezi wa Juni. Ndinakapeza m'mawa kali gone pakona, kozizira, timiyendo titauma. Adada anakanyamulira pa nthochi n'kukatumbula kuti aone chomwe chakapha. Matumbo atang'ambika munatuluka njoka zoyera, zazitali kuposa chikhatho changa, zopiringizana ngati ulusi, zina zikuyendabe. Chakudya munalibe. Amama anatembenuka n'kulavula. Adada anangopukuta mpeni pa udzu, n'kupukutanso, mpeniwo utayera kale.

Tsiku lomwelo anathamangira m'tauni, n'kubwerako ndi botolo la mankhwala. Pa botolopo panali timalemba ta Chingerezi. Ndinayesetsa kuwerenga, ndipo ndinamva kuti muyezo wake umatengera kulemera kwa chiweto. Nditawauza, anati, "Iwe, njoka zija waziona? Zachuluka, ndiye mankhwalanso achuluke." Anatenga kapu yomwera tiyi. Ine ndinkagwira miyendo, iwo n'kumathira m'kamwa. Otsala anawakhuthulira m'beseni lomwera nkhuku za amama, poti nazonso zinkapalasa m'khola lomwelo.

Dzuwa lisanapendeke tiana tija tinayamba kutuluka dovu. Tinkanjenjemera, kugwa, kudzuka, kugwanso. Kulira kwake ndimakumvabe. Nkhuku nazo zinkayenda ngati zaledzera, kenako n'kugwa cham'mbali, mapiko atatambasuka. Amama anayesa kuzimwetsa madzi a makala, koma sizinathandize. Anakaniza kuti pasapezeke wodya nyamayo. Tinakumba dzenje limodzi lalikulu pa nthochi paja. Adada ankakumba, ine n'kumatuta. Palibe anakalipira mnzake. Bola akanakalipa.

Mayeso ndinakhoza, dzina langa linatuluka pa chipepala cha osankhidwa. Adada anakaliona, n'kubwera kudzakhala pakhonde osavula nsapato. Nkhani ya sekondale sinatchulidwenso pakhomo pathu. Nkhumba yaikazi ija adada anaigulitsa motchipa, ndipo zigwagwa za khola tinazisonkhera moto chimodzichimodzi mpaka zinatha.

Masiku ano zinthu zinasinthako. Ogulitsa mankhwala a ziweto m'tauni amakupatsa kasirinji koyezera, ndipo ukafunsa amakuuza masiku oti usadye mazira. Ine ndili ndi nkhuku zanga zochepa. Ndimasesa khola, ndimayang'ana zitosi, ndipo nyengo yomwe alangizi anandiuza ikakwana ndimazimwetsa, osadikira kuti ina igwe kaye. Muyezo ndimawerenga kawiri. Adada, omwe pano akalamba, akabwera kudzacheza amangondiyang'ana ndikuyeza.

Mawa lake la tsiku la funso lija, Nyachirwa anabweranso n'kundipeza ndikuchapa matewera, ndipo ndinamufotokozera zonsezi. Nditamaliza anafunsa, "Ndiye zinapita zingati?"

Ndinamuwerengera. Tiana ta nkhumba tonse tisanu ndi titatu, kamodzi ndi njoka, tinato ndi mankhwala. Nkhuku khumi ndi zitatu, tambala yemwe. Ndi malo anga ku sekondale.