Chule Amene Ndinamunamizira

Sendererani kuno mumve, mwina ndikaitula nkhaniyi mtima ukhala pansi.

Mpongozi wanga, mphunzitsi wochokera ku Dedza, ali ndi galu dzina lake Bwenzi. Amamulipirira inshuwalansi mwezi ndi mwezi kuti akadwala, adokotala a ziweto azimuchiza osayamba afunsa ndalama. Ine ndinkaseka chomene: "Mano anga atha m'kamwa muno, wandilipirira ndani?"

Atapita kumaliro kwawo, anandisiyira galuyo kuno ku Hewe. Nditaona nkhupakupa m'makutu mwake, ndinaviika zinyenyeswa za fodya m'madzi n'kumusambitsa, monga timachitira ndi agalu athu. Athuwo amangodzikutumula n'kumapita. Uyu anadzinyambita thupi lonse, kenako anayamba kunjenjemera, thovu lili kukamwa.

Mpongozi anafika tsiku lomwelo, ndipo tinathamangira ndi galuyo ku Boma. Adokotala anati, "Agogo, wadya chiyani? Nenani msanga ndidziwe mankhwala ake."

"Chule," ndinatero, galu akupuma movutika pamaso panga. Ndinaonetsa ndi manja kukula kwa chuleyo, mpaka mtundu wake ndinatchula.

Adokotala ananunkhiza ubweya, n'kundiyang'ana. "Chule ameneyu amasuta, agogo?"

Ndinangoti "yewo," ngati andipatsa mphatso.

Bwenzi anachira, ndipo inshuwalansi ndinkaiseka ija inalipira zonse. Mpongozi sananditchulirepo nkhaniyi, koma akamachoka galu amamusiya kwa abusa. Adokotala tikakumana pamsika amafunsa ngati chule uja anasiya fodya. Bwenzi akangondiona ndanyamula ndowa amakalowa pansi pa nkhokwe, ndipo ine ndimayang'ana kumbali.