A Yunusu ndi Mlendo Wodziwa Chikoreya

Pa Nselema, kuseri kwa mabenchi a ogulitsa usipa, pali kashopu ka malata komwe a Yunusu akhala akubena nyimbo, ndiko kujambulira anthu nyimbo, kwa zaka zoposa makumi awiri. Anayamba ndi makaseti atangosiya sukulu ali Fomu 2. Makaseti atatha anaphunzira zimbale. Zimbale zitatha anagula kompyuta yakale kwa kalaliki wina wa ku Machinga Boma, n'kuyamba kuthira nyimbo m'mamemori khadi ndi m'mafulashi. Munthu amangobwera ndi foni yake, n'kutchula zimene mtima wake ukufuna.

Anthu amawadziwa ndi zinthu ziwiri: khutu lakuthwa ndi mtima wosakhulupirira munthu. Wina akati wangodutsa kudzawaona, iwo amayamba aona kumene maso ake aloza. Kompyuta amaimangirira ndi tcheni ku mwendo wa tebulo ngakhale iwo ali pomwepo. Akamapita ku mzikiti Lachisanu amatseka ndi maloko awiri, ndipo akayenda pang'ono amabwereranso kudzagwedeza chitseko. Akazi awo amati bamboyu anabadwa diso limodzi lili chitsegulire.

Nyimbo za ku Korea zinalowa m'shopumo ndi a Modester, mphunzitsi wa pa pulaimale ina yapafupi, amene kwawo ndi ku Utale. M'chaka cha 2011 anabwera ndi chimbale cha filimu ya ku Korea chimene anabwereka kwa achemwali awo ku Balaka.

"Filimuyi ndaionera kasanu," anatero a Modester. "Ndikufuna nyimbo imene imamveka pamene mtsikana akusiyana ndi mnyamata pa siteshoni ya sitima. Mundichotsere, ndizikamvera payokha."

A Yunusu anaimvera mpaka kumapeto nkhope ili chikwinyire.

"Akuti chiyani mmenemu?"

"Kaya."

"Ndiye mwaikonda bwanji? Nanga ngati akukutukwanani?"

"Mwamva mmene akulirira mwana wa eniakeyo? Ameneyo angatukwane munthu?"

Kuyambira tsikulo a Modester sanasiye. Ankabwera ndi mayina olemba pa kapepala: gulu la anyamata asanu ovala masuti, mtsikana wa mawu aakulu woimba ndi piyano, ndi ena otero. A Yunusu ankazifunafuna kwa anzawo a ntchito yomweyi ku Liwonde. Nyimbo za maiko akutali ankazisunga mosasakaniza, za Chimwenye pazokha, za m'mafilimu a karate a ku China pazokha, za a Modester pazokha. Sankamva liwu ngakhale limodzi, koma khutu linazolowera. Ankati Chitchaina chimakwera n'kutsika ngati munthu wodutsa mizere ya m'munda, pamene Chikoreya chimayenda pansi n'kukagwera pa "yo" kapena pa "da".

Zaka zinapita, mwana wawo Sellah n'kukula. Pofika Fomu 3 anali atagwidwa ndi matenda omwewo a nyimbo za ku Korea, koma a mtundu wina. Iye ankakonda magulu atsopano, ovina mothamanga, tsitsi lopaka mitundumitundu. Loweruka lililonse ankathandiza m'shopu pamodzi ndi mnzake Prudence, ndipo a Modester akatulukira, mkangano unkabuka asanakhale n'komwe pansi.

"Zanuzi si nyimbo iyayi," ankatero a Modester. "Theka Chingerezi, theka kulalata. Akale ankaima pa maikolofoni n'kuimba mpaka mtsempha wa pakhosi kuonekera. Awa akuwaimbira ndi makina. Munthu angadumphe chonchi mpweya osam'thera?"

"Madamu, akale anuwo ankangolira basi," Sellah ankayankha. "Tsitsi ngati nkhuku yonyowa. Athuwa nyimbo amalemba okha, ndipo dziko lonse likuwadziwa."

"Akanawadziwa ndani akanapanda kuwalambulira njira akalewo?"

Prudence ankayesa kuwagwirizanitsa, kuti zakale n'zomvera pochapa ndipo zatsopano n'zovina, koma onse awiri ankamutembenukira.

A Yunusu ankakaikira mbali zonse ziwiri. Tsiku lina analamula Sellah kuti awawerengere tanthauzo la nyimbo ina pa foni. Mwanayo anawerenga bwinobwino, koma iwo anaona chala chake chikudumpha mizere iwiri. Tsiku linanso anamupeza akujambulitsa atapingasa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Anamufunsa kuti chizindikirocho n'cha gulu lanji, nanga analowamo liti. Sellah anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti ndi kamtima chabe. Iwo anazungulira dzanjalo, kuliona uku ndi uku, mtima osauona.

Mlendo anafika mu Okutobala wa 2023, dzuwa likuswa mtengo. Anatsika pa kabaza atavala jekete yoyera, pakhosi atakoleka khadi lokhala ndi chithunzi chake ndi zilembo zachilendo. Anati dzina lake ndi Kevin, wakhala ku Korea zaka zinayi, ndipo kampani ina yoimbitsa kumeneko yamutuma kudzafuna atsikana a ku Africa odziwa kuvina. Anali ataona kanema wa Sellah, Prudence ndi mnzawo wina akuvina kuseri kwa sukulu, amene anauika pa intaneti. Ankafuna kuwatenga atatuwo Lolemba kupita nawo ku Lilongwe kukayesedwa. Aliyense abweretse chiphaso cha unzika. Makolo asavutike kuperekeza, galimoto yake ndi yaing'ono.

Sellah anafotokoza zonsezi kunyumba. Mayi ake anayamba kufewa, akuti mwayi sufika kawiri pa Nselema. Koma a Yunusu anakaika. Anali atamuona kale mlendoyo pamsika akugula madzi, ndipo panali zambiri zimene sizinawakhalire bwino. Munthu wa galimoto afika bwanji pa kabaza? Khadi lakelo linali lomatidwa pulasitiki yofanana ndi imene amamatira masatifiketi pa Liwonde. Jeketeyo inali yoyera ndithu, koma nsapato zinali zodyeka chidendene mbali imodzi, nsapato za munthu woyenda pansi kwambiri. Ndipo ntchito yanji imene imafuna ana koma osafuna kuona makolo awo?

Kukaniza poyera anaopa. Ankamudziwa mwana wawo: akanatha kudzuka Lolemba ngati akupita kusukulu, n'kukwera minibasi. Anangotenga chiphaso cha Sellah mwakachetechete n'kukachitsekera m'shopu, kenako anapita kukadikira a Modester poweruka.

Ankayembekeza kuti mphunzitsiyo awavomereza msanga, koma sizinatero.

"Nanenso ndikukaika," anatero a Modester. "Koma bwanji zitakhala zoona? Mwanayu kuvina amatha, ngakhale nyimbo zakezo n'zaphokoso. Mukam'tsekereza popanda umboni, adzakusungirani mpaka kukalamba."

"Ndiye mumuyese ndinu. Inu ndi amene mumawadziwa anthu amenewa."

Anagwirizana zomuitana Kevin kushopu Loweruka masana, ngati kholo lofuna kuthokoza.

Anabwera akumwetulira, n'kupereka moni wa manja awiri. A Yunusu anamupatsa mpando ndi botolo la zoziziritsa kukhosi. Sellah ndi Prudence anaima pakhomo. Prudence anali atapereka kale chiphaso chake dzulo lake, makolo ake osadziwa.

A Modester anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi cha anyamata awo asanu a masuti aja.

"Awa munakumana nawo kumeneko?"

"Awa? Ndi anzanga kwambiri," anatero Kevin. "Mwezi watha tinadyera limodzi nkhomaliro. Nyimbo yawo yatsopano ituluka mu Disembala."

"Zodabwitsa. Gulu limeneli linatha zaka khumi zapitazo. Ine ndinalira sabata yathunthu."

"Abwererana, mayi. Nkhaniyi sinatuluke, tikuidziwa ndi ife a mkati."

"Zimachitika zimenezo, Madamu," Sellah analowerera msanga. "Magulu akale amabwererana."

Anatulutsa foni yake n'kumuonetsa gulu latsopano, Kevin n'kulitchula dzina molondola. Sellah anayang'ana bambo ake ngati wawina mlandu. A Modester anangopukusa mutu. Gulu limenelo ngakhale ana a Sitandade 6 ankalidziwa. Koma umboni panalibe, ndipo mlendoyo anali atayamba kukamba za chipale chofewa ndi nyumba zosanja.

A Yunusu anatembenukira ku kompyuta yawo pang'onopang'ono.

"Achimwene, Mulungu wakutumani," anatero. "Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikuthirira anthu nyimbo zimenezi osadziwa chimene akunena. Pali ina imene imandisowetsa mtendere. Tandimasulirani, inu amene mwakhala nawo."

Anaiyatsa. Mu sipika munatuluka mawu a mzimayi, okwera n'kutsika, pambuyo pake pakulira chitoliro. Kevin anatsinzina, akugwedeza mutu motsatira nyimboyo.

"Eya, iyi ndi yotchuka kwambiri. Akuti, wokondedwa wanga, mvula ikugwa mu mzinda wa Seoul, ine ndaima pa mlatho kukudikira. Akuti usandisiye ndekha."

A Yunusu sankayang'ana mlendoyo. Ankayang'ana mwana wawo. Anaona kumwetulira kukuchoka pankhope pake pang'onopang'ono.

"Imeneyo si ya Chikoreya," anatero Sellah ndi mawu otsika.

"Ndi Chikoreya cha kumudzi, mwana iwe. Monga muno muli Chichewa ndi Chiyao."

"Ndi ya m'filimu ya karate," anatero a Yunusu. "Ya ku China. Anyamata a vidiyo sho amaikonda."

Sellah anasendera pafupi n'kulankhula mawu angapo a Chikoreya amene anaphunzira pa foni. Pambuyo pake ananena kuti anangomufunsa dzina lake ndi kumene amakhala. Kevin anaseka, n'kunena kuti katchulidwe ka mwanayo n'kolakwika moti munthu sangamve. Palibe anaseka naye.

"Chiphaso changa," anatero Prudence. "Ndikuchifuna."

Kevin anati ziphaso wazisiya kumene akugona, akatenge. A Yunusu anati apitira limodzi. Koma iwo sakanasiya shopu chitsegulire, ndipo pamene ankalimbana ndi loko wachiwiri, mlendoyo anali atadutsa kale pakati pa mabenchi a usipa foni ili kukhutu. Pofika kumsewu anangoona jekete yoyera ili pambuyo pa njinga yamoto, ikuloza ku Ntaja.

A Yunusu anakanena kupolisi tsiku lomwelo, a Modester ali mboni. Nambala ya Kevin sinalowenso. Chiphaso cha Prudence sichinapezeke, ndipo zinamutengera miyezi kuti apeze china. Patapita nthawi kunamveka kuti ku Ulongwe kunafika munthu wa jekete yoyera wolonjeza atsikana ntchito za m'mahotela kunja, koma palibe anatsimikiza ngati anali yemweyo. Chimene ankafuna kuchita ndi anawo sichinadziwike mpaka lero, ndipo a Yunusu safuna kuchiganizira nthawi yaitali.

Anthu pamsika anawayamikira, koma kunyumba kunalibe chikondwerero. Sellah anakhala masabata atatu osalankhula nawo kupatula moni. Sikuti ankakhulupirirabe munthu uja. Anali ndi manyazi, ndipo anakwiya atadziwa kuti chiphaso chake anachibisa osamuuza. Anafufuta kanema uja. Anasiya kuvina. Loweruka ankakhala m'shopu duu, a Modester akanyoza magulu atsopano iye n'kungoti, "Mwina n'zoona, Madamu."

Bata limeneli linawavuta a Yunusu kuposa phokoso lija. Anayamba kudzikaikira okha, chinthu chimene chinali chisanawachitikirepo. Mwina akanamuuza mwanayo maganizo awo poyamba, m'malo momuchititsa manyazi pamaso pa mnzake ndi mphunzitsi. Tsiku lina anayesa kuyatsa nyimbo imene Sellah ankaikonda kwambiri, ngati mwangozi. Iye anadzuka n'kupita kukagula tomato.

Amene anakonza zinthu ndi a Modester. Chakumapeto kwa teremu anabwera kushopu n'kuuza Sellah kuti akufuna munthu wophunzitsa ana a Sitandade 7 gule wa tsiku lotsekera sukulu.

"Koma nyimbo ikhale yakale," anatero. "Ya anyamata anga aja."

"Imeneyo angavine ndani, Madamu? Ana agona chiimire."

"Ndiye ukufuna adzathyoke miyendo ndi zako zija?"

Anakangana ola lathunthu, mpaka wogula wina anatopa kudikira n'kuchoka. A Yunusu sanadandaule. Pomaliza anagwirizana kuti ayambe ndi yakale, athere yatsopano, ndipo ntchito yolumikiza nyimbo ziwirizo inagwera a Yunusu. Anaigwira masiku awiri, Sellah ali pambali pawo kuwauza podula.

Tsiku lotsekera a Yunusu anapita ndi sipika yawo pa njinga. Ana khumi ndi awiri anavina pabwalo la fumbi, Sellah ali kutsogolo, makolo akuimba nthungululu ngakhale panalibe womva liwu limodzi. A Yunusu anaona pang'ono chabe. Nthawi yonseyo ankazungulira kumbuyo kwa anthu, ndipo aliyense wachilendo amene anakweza foni kuti ajambule ankamugwira paphewa mwaulemu n'kumufunsa kuti, "Pepani achimwene, mwana wanu ndi uti pamenepa?"