Kope losadula

Dzulo ndinagulira mwana wanga makope. Nditangotsegula limodzi, fungo la pepala latsopano linandibweza ku Kawale, chaka chimene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere.

Chaka chimenecho ana tonse anayi tinali pasukulu, ndiye makope sankakwana. Bambo ankakhala pakhonde n'kumawadula pakati ndi mpeni wa kukhitchini, aliyense theka lake. Koma achimwene anga ankalandira athunthu, ndipo zinkandizunguza mutu. Kodi zilembo za anyamata n'zikuluzikulu? Ndinakasuzumira m'chikwama chawo. Ayi ndithu, tizilembo ngati nyerere.

Tsiku lina, mpeni uli kale pa kope lomaliza, ndinafunsa. "Ababa, bwanji makope a achimwene simudula?"

"Uyu adzatisunga," anatero osadzutsa mutu. "Iwe udzapita kubanja."

"Nanga kubanjako sawerenga?"

Mayi anali chapambali, akusankha nyemba. Iwowo sukulu analekezera Sitandade 2 kwawo ku Dedza. Anaika lichero pansi, napukuta manja pachitenje, n'kudzaika chala pakati penipeni pa kopelo.

"Bambo ake, muyankheni mwanayu. Apo ayi, dulani ndi chala chomwe."

Bambo anayang'ana chalacho, anayang'ana ine, kenaka anaika mpeni pansi n'kukankhira kopelo kumapazi anga.

"Tenga. Koma ulembe mpaka pachikuto."

Ndinalitola. Pachikutopo mpeni unali utasiya kamzere. Ndinakasisita ndi chala, kenaka ndinatsegula kopelo n'kulowetsamo mphuno yonse.