A Chenje ndi khobidi la mbalame ya miyendo itatu

Anthu amati a Chenje ndi munthu wovuta. Eya, ndi wovuta, koma amene anawaphunzitsa kuvutako ndi anthu omwewo. Unyamata wawo wonse anali kondakitala wa basi, ndipo dzinali analitolera pakhomo la basi pomwepo, poti aliyense wotsika ankangokuwa, "Chenje, akondakitala, chenje!" M'chipwirikiti chimenecho anthu osaopa Mulungu ankawafumbatitsa makobidi otha ntchito, ena a mayiko akutali, ena a nthawi ya agogo awo. Madzulo bwana ankawabwezera zitsulozo n'kuwadula malipiro. Wina akanazitaya m'ngalande, koma a Chenje ankaziponya m'chitini cha mkaka, amvekere, "Ndalipira ndekha, ndi zanga."

Tsiku lina lamvula, atasowa chochita, anakhuthulira chitini chija patebulo. Anaona zombo, mikango, mafumu a ndevu, akazi ovala zisoti. Basi matenda anawalowa pomwepo, ndipo sanachirenso. Akazi awo ankangopukusa mutu. "Anzanu amadwala mowa," ankatero, "inu mwasankha kudwala ndalama zosagula ndi mchere womwe."

Odwala matenda amodzi sachedwa kudziwana. Loweruka lililonse masana ankakumana kuseri kwa malo ometera tsitsi, m'kachipinda konunkha sipiriti ndi paudala. Kale analipo ambiri, koma imfa inawapatula mpaka panatsala a Wometa, eni malowo, a Dokotala, amene udokotala wawo unali wogulitsa mapiritsi a mutu pakona, a Kalaliki opuma ntchito, ndi a Chenje. Anali ndi malamulo awo. Khobidi siligwidwa pankhope, limagwidwa m'mbali. Silitsukidwa, silikwechedwa, ngakhale lide bwanji. Koma lamulo lalikulu linali la maliro: mnzawo akatsogola, makobidi ake ankayalidwa pansalu, mayi wamasiye ali pomwepo, ndipo otsalawo ankapikisana mtengo mpaka thukuta kamukamu, kuti mayiyo apite ndi kanthu kooneka. A Wometa ndiwo ankakonda kulalikira za lamuloli. "Mnzako akapsa ndevu m'zimire," ankatero, poti za ndevu ndiye ntchito yawo.

A Kalaliki anali ndi khobidi limodzi limene linkawasowetsa tulo a Chenje. Linali lasiliva, lojambulidwa mbalame, koma popanga makina anaterereka, mbalameyo n'kutuluka ndi miyendo itatu. A Chenje analinyengerera khobidi limenelo zaka ndi zaka. Analonjeza mikango yawo yonse, analonjeza zombo, a Kalaliki ayi. Ankangowalola kuliona pagalasi lokuzira, kenako n'kulibwezera m'kaenvulopu kake, akuseka.

Ndiye panabwera nyengo ya misala. Anthu amasuti, amene dzulo lake ankaseka madala osunga zitsulo, anamva pafoni kuti makobidi akale ndi chuma. Anagula chilichonse chozungulira, osadziwa n'komwe kuti chajambulidwapo ndi mkango kapena mbuzi. Mitengo inakwera mpaka a Chenje anasiya kufunsa, ankangodutsa pamashopu akutukwana chamumtima. Koma ogula kuti adzagulitse amathawa limodzi ngati nkhuku zikaona kabawi. Wina atayamba kugulitsa, onse anagulitsa, mitengo n'kugwa chagada.

Apa ndiye a Chenje anavina. "Mulungu si munthu!" ankatero. Amasuti aja ankabwera nkhope zili zii, mabokosi m'manja, ndipo a Chenje ankanenerera mopanda chisoni, pobwezera zaka zonse zija. Ndalama yopumira ntchito inathera momwemo, ya malata a kukhitchini inatsatira. Akazi awo atadandaula, anawayankha kuti mwayi wotere subwera kawiri. Chisoni chake n'chakuti a Kalaliki anamwalira mwezi umene m'thumba mwa a Chenje munali mutayera.

Maliro atatha, a Wometa anawaitana a Chenje, n'kutseka chitseko cha kachipinda kaja. A Dokotala anali atakhala kale.

"Achimwene, tikambirane ngati akuluakulu," anatero a Wometa. "Msika wagwa, aliyense akudziwa. Tikapikisana Loweruka, tingopwetekana tokhatokha. Ine nditenge zamkuwa, a Dokotala atenge zasiliva, wina akatchula mtengo enafe tikhale chete. Inuyo mbalame yanu ija, tengani pamtengo wa buledi. Sitikuvutitsani."

Mbalame ija! Pamtengo umene ngakhale thumba la a Chenje lobookalo likanakwanitsa! Ndipo tisanamizane, sanakane. Anangoti amva, n'kutuluka. Masiku otsatirawo ankadziuza kuti msika sanagwetse ndi iwo. Kenako ankakumbukira kuti pamaliro a anzawo ena onse, amene ankakweza mtengo koposa anali a Kalaliki omwewo, mpaka kubwerera kwawo wapansi.

Loweruka mayi wamasiye anafika atavala zakuda, bokosi la amuna awo lili m'chikwama cha pulasitiki. Anakhala pampando wa makasitomala odikira, manja pamiyendo. A Wometa anayala nsalu, nkhope yachisoni ngati m'busa, n'kuyamba ndi ulaliki wa mitengo.

"Alamu, nthawi yake yaipa. Zinthuzi panopa n'zitsulo chabe. Koma poti malemu anali m'bale wathu, tiyesetsa."

Anatchula mtengo wa zamkuwa, mtengo woti ungachite nawo manyazi pogula tomato. Chete. A Dokotala ankayang'ana kudenga ngati kwalembedwa nkhani. Kenako iwonso anatchula wawo wa zasiliva. Chete. Mayi aja ankangogwedeza mutu, amvekere, "Zikomo, alamu, zikomo." Zikomo! Anthu akukudyera masuku pamutu, iwe n'kumathokoza! Mawu amenewo ndi amene anawaphulitsa a Chenje. Pamene a Wometa ankawakankhira kaenvulopu ka mbalame, akuwatsinzinira diso, iwo anamenya tebulo, makobidi n'kudumpha.

"Akuba inu! Afisi! Munthu sanazizire n'komwe m'manda, mwayamba kale kugawana! Alamu, anthu awa anapangana. Ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa. Anagwirizana kuti asapikisane, akubereni masanasana!"

"Ndiye kwezani mtengo inuyo, a chilungamo," anatero a Dokotala, osakweza ndi mawu omwe. "Lamulo likuti tipikisane. Tchulani wanu, tikutsatirani."

Galu ameneyo ankadziwa pomenya. A Chenje anapisa m'thumba ngati muli kanthu, n'kutulutsa dzanja lokha. Ndalama zonse zinali kunyumba m'mabokosi, zitasanduka mikango ndi zombo zotchipa. Anasonkhanitsa makobidi a malemu n'kuwabwezera m'bokosi pamodzi ndi mbalame ija.

"Tengani, alamu. Musagulitse panopa. Mitengo idzakwera, dikirani."

A Wometa anatsegula chitseko. "Mwamva, mayi, mlangizi wanu wanena. Ifenso sitigula za mkangano. Ndipo inu a Chenje, tsitsi muzikametetsa kwina."

Panja, pakati pa ogulitsa nsapato ndi mahutala a magalimoto, mayi aja anaima n'kuwayang'ana a Chenje. Iwo ankayembekezera kuthokozedwa.

"Alamu," anatero mayiwo, "mukuganiza kuti sindinaone kuti akundibera? Ndakhala ndi munthu wa makobidi moyo wanga wonse. Ndinaona. Koma ine ndinabwera kudzatenga ya thiransipoti ya katundu, ndikubwerera kwathu sabata yamawa. Zoti ndidikire, ndidikirira kuti? Chilungamo chanucho ndikweza nacho mipando?"

Anapita osatsanzika. A Chenje anafika kunyumba akuwirabe, akutukwana a Wometa, a Dokotala, amasuti ndi mafoni awo. Akazi awo anawasiya atukwane mpaka atope, kenako anati, "Mwatha? Ndiye gulitsani njinga yanu, mukagule mbalameyo pamtengo woyenera. Pakamwa pokha sipathandiza wamasiye."

Njinga inagulidwa Lolemba masana. A Chenje anathamanga nazo ndalamazo osadya, n'kupeza mayi aja akumanga mapoto m'makatoni. Mayiwo sanawapatse ndi mpando womwe. Anati bokosi lonse analipereka m'mawa kwa mnyamata wosula ndolo ndi mphete, kuseri kwa sitolo ya nsalu, poti iye sanenerera, amangoika pasikelo.

Kashopu kake kanali kotentha, kodzaza utsi ndi fungo la gasi. Wosulayo anali ndi magalasi akuda pamphumi, akugogoda kanthu ndi kahamala. Zamkuwa zinali mundowa pansi, pamodzi ndi mawaya ndi mipopi yakale.

"Zasiliva zija zili kuti?" anafunsa a Chenje, akupuma movutika. "Munali lina la mbalame. Mbalame ya miyendo itatu."

"Miyendo itatu?" Wosulayo anaseka. "Madala, ine sindiwerenga miyendo, ndimawerenga sikelo." Analoza ndi kahamala kachitsulo kotuwa, kotalika ngati chala, kali pa njerwa. "Ndi izo, ndasungunula kale. Musagwire, sizinazizire."

A Chenje anakayang'ana kachitsuloko nthawi yaitali. Ankafuna kutukwana, koma panalibe womutukwana: mnyamatayo sanabe, sananame, sanapangane ndi munthu. Pomaliza anafunsa ndi mawu otsika kuti iye anawalipira zingati mayi aja. Wosulayo anatchula, maso ali pantchito yake.

Zinali zochepa kuposa zimene akuba aja ankapereka Loweruka.