Tsiku limene a Jeremiah anameza vinyo

Ku Biwi kuno mukafunsa za a Jeremiah Kamwendo, anthu akufunsani kuti, "A Jeremiah ake ati, a vinyo aja?" Muvomere, ndi omwewo. Ine ndinakhala nawo puloti imodzi, mpopi umodzi, kuyambira ana awo akukwawa, ndiye zimene ndikunenazi si za m'maluwa.

Bambowa ankagwira ntchito yoperekera zakudya ndi zakumwa pa hotela ina yaikulu mu tauni. M'mawa uliwonse ankatuluka atavala shati yoyera yosita bwino, nsapato za ku ntchito zili m'jumbo kuopa fumbi, n'kuyamba wapansi mpaka ku depoti. Lamulungu ankavala jekete, chifukwa analinso mkulu wa mpingo. Ndipo mpingo wathuwu sufuna kumva za mowa ngakhale fungo.

Nanga vinyoyo ankamudziwa bwanji? Kuhotelako kunabwera mayi wina wa ku Joni kudzawaphunzitsa. Anati woperekera vinyo ayenera kumudziwa pa lilime, koma si kumeza ayi: umanunkhiza, n'kumwa pang'ono, n'kuchukucha m'kamwa, kenako n'kulavulira m'ndowa. A Jeremiah anapita nayo nkhaniyo kwa abusa. Abusa anakanda m'mutu, nati lamulo limaletsa kumwa, ndipo kumwa ndiko kumeza. Basi, kuyambira pamenepo a Jeremiah anakhala munthu wolawa ndi kulavula, zaka ndi zaka, osameza ngakhale dontho.

Mwa vinyo yense, mtima wawo unali pa mmodzi, wa mphesa zotchedwa Pino Nuwa. Abale inu, tinamumva Pino Nuwa ameneyu mpaka makutu kuwawa! Ukatsuka mbale pa mpopi, iwo akupukuta nsapato, phunziro layamba.

"Mayi a Tina, mphesa zimenezi ndi za khungu lopyapyala. N'chifukwa chake vinyo wake ndi wofiira mopepuka, moti mukaika chala kuseri kwa galasi mumachiona. Sizifuna dzuwa lambiri, sizifuna mvula yambiri, zimakonda malo ozizira. Kwawo kwenikweni ndi ku Falansa, koma ku Joni nakonso amalima, cha kufupi ndi nyanja."

"Ndiye ndi mbewu kapena mwana wa bwana?" ndinkawafunsa ine.

Sankaseka. Ankangopitiriza kuti fungo lake limakhala ngati mabulosi akupsa, pena ngati dothi mvula yoyamba ikangogwa, ndipo amayenderana ndi nkhuku kapena bowa, osati nyama yonona kwambiri. Ine amene chakumwa changa ndi thobwa ndinkadziwa zonsezi osafuna.

Mu 2004 bwana wa hotelayo akubwerera kwawo anawapatsa botolo limodzi la vinyoyo ngati mphatso. A Jeremiah anafika nalo kunyumba atalikumbatira, naliika chogona mu mtsuko wa mchenga wonyowa kunsi kwa bedi, chifukwa akuti kutentha kwa malata kumamupha. Akazi awo anadandaula kuti mtsuko wa madzi akumwa wapita, koma zinathera pomwepo.

Patapita zaka zingapo mwana wawo woyamba, Pamela, anapeza mnyamata, Dumisani, makaniko wa pa Biwi pomwepa. Mnyamata wabwino, wosayankhula zambiri. Vuto linali malume ake, a Lucious a ku Ntcheu, amene anali nkhoswe yake. Mkuluyu ankafuna kuti Dumisani akwatire kumudzi, ndipo aliyense ankadziwa kuti akubwera kudzafuna chifukwa chokanira. Pamela anaonda sabata imeneyo. Ndinamupeza pa mpopi ndowa itasefukira iye osaona, ndipo anandiuza kuti, "Anti, akakana amalume akewo, Dumisani sangawatsutse. Anamulera ndi iwowo." Ndinamumvera chisoni mwanayo.

A Jeremiah anaganiza kuti mlendo wovuta amafewa ndi ulemu, ndipo ulemu waukulu umene anali nawo m'nyumbamo unali mu mtsuko muja.

Loweruka masana alendo anafika. Ine ndinali m'gulu lophika, ndipo ndinkalowa ndi kutuluka ndi mbale, choncho ndinaona zonse. Mbali ya Pamela nkhoswe anali a Enerst, mlamu wa a Jeremiah, nawonso mkulu wa mpingo womwewo, munthu woti akaona cholakwa sagona nacho. Atatha kudya nkhuku, nkhani yeniyeni isanayambe, a Jeremiah analowa ndi botolo lija, kansalu koyera kali pamkono. A Enerst anakweza nsidze, koma poti womwa anali mlendo wa mpingo wina, anazilekerera.

A Lucious analiyang'ana botolo, nayang'ana mwini nyumba. "Kwathu mwini mowa amayamba yekha," anatero, "kuti mlendo amwe mtima uli m'malo."

"N'chimodzimodzi ku ntchito kwathu," anayankha a Jeremiah, akusangalala kuti apeza munthu wodziwa zinthu.

Anathira pang'ono m'galasi. Analizunguza. Analikweza cha ku windo n'kuliyang'anitsitsa. Kenako analowetsamo mphuno yonse n'kununkhiza nthawi yaitali, maso ali chitsinzire. Apa n'kuti alendo atayamba kale kuyang'anana, chifukwa kwathu kuno chinthu chopatsa mlendo sununkhiza pamaso pake. Anamwa, nachukucha m'kamwa mbali iyi ndi iyo. Ndiye anatembenuka mwaulemu, nalavulira zonse m'beseni losambira m'manja.

"Ali bwino kwambiri," anatero, nadzazira a Lucious galasi.

Mayo ine! A Lucious anakankha galasi lija ndi chala chimodzi mpaka pakati pa tebulo.

"Bambo, ine ndakula. Ndaona anthu akukana mowa, ndaona anthu akumwa mowa. Koma munthu wothira mowa wake, kuununkhiza, kuulavula, kenako n'kundipatsa ine, ndamuona lero. Mwaikamo chiyani?"

A Jeremiah anayamba kufotokoza za mayi wa ku Joni, za ndowa, za khungu lopyapyala. Zinangoipiraipira. A Lucious anati nawonso aona kuti mtundu wake ndi wokayikitsa, wofiira osafiira. Anatenga chipewa chawo pa bondo n'kuuza Dumisani kuti, "Mphwanga, tiye. Banja la kuno tingadzalire nalo."

Dumisani anaimirira. Kukhomo la kuchipinda katani inagwedezeka, ndipo pansi pake ndinaona mapazi a Pamela. Bambo akenso anawaona.

"Dikirani," anatero a Jeremiah.

Anatenga galasi lomwe lija la mlendo, lodzaza. A Enerst anatsokomola, nati, "Alamu, mukudziwa udindo wanu. Ine ndikaona, ndikanena."

"Ndikudziwa, alamu. Mukanene ndithu, musawonjezere, musachotsere."

Anamwa galasi lonse ataimirira, pang'onopang'ono, kholingo likukwera ndi kutsika, kuti aliyense aone kuti zikupita. Atamaliza analiika pa tebulo, nakhala pansi, manja pa mawondo. Tonse tinadikira kuti tione ngati agwe. Sanagwe. Anangotuluka thukuta pamphumi.

A Lucious anabweza chipewa pa bondo, nadzithirira okha, namwa kamodzi n'kamodzi. Anatafuna m'kamwa mopanda kanthu, nati, "Aa, ndi Sobo uyu. Anakuberani, bambo." Koma anathiranso kachiwiri, ndipo nkhani ya ukwati inayenda mpaka kugwirizana tsiku la chinkhoswe.

Alendo atapita ndinawafunsa a Jeremiah kuti vinyo wawo uja anali bwanji. Anaganiza kaye. "Kumapeto amatenthetsa pachifuwa," anatero. "Zimenezo sindinkawauza makasitomala. Sindinkazidziwa."

A Enerst anakanenadi, osawonjezera, osachotsera. Ine ndinakwiya nawo mwezi wathunthu, moni wawo ndinkayankha ndi mphuno, koma a Jeremiah ankawapatsa mpando ngati kale. Bwalo la akulu linakhala, linamva zonse, ena mpaka anaseka, koma lamulo ndi lamulo. Anawatsitsa pa ukulu ndi kuwaimitsa kudya mgonero kwa kanthawi. Ukwati wa Pamela unadalitsidwa m'tchalitchi momwemo, bambo ake atavala jekete yomwe ija.

Lamulungu la mgonero litafika, ndinawaona akulowa mochedwerapo n'kukhala pa benchi ya kumbuyo kwenikweni, pamene pamakhala oimitsidwa. Zaka zonsezo thileyi ya timakapu ta mgonero ankanyamula ndi iwo, ndipo sinkagwedera ngakhale pang'ono. Tsiku limenelo inali m'manja mwa mkulu wina, timakapu tikugundana njira yonse. A Jeremiah ankangoyang'ana pansi. Zinandipweteka, sindinama.

Pamela anali kutsogolo, pa mzere wa amayi, atavala chitenje chatsopano cha pabanja. Thileyi itatsala pang'ono kufika pa iye, anaimirira, nayenda pakati pa tchalitchi anthu onse akumuyang'ana, mpaka ku benchi ya kumbuyo ija.

"Bwerera, mwanawe," anamunong'oneza bambo ake. "Iwe sunalakwe."

"Sunthani pang'ono, ababa," anatero Pamela, nakhala pansi.